Paipi ya kukhosi pa opaleshoni ndi yachiyani?

Achemwali, mwafunsa chifukwa chake adokotala akuti amayi anu adzawalowetsa paipi kukhosi pa opaleshoni ya m'mimba, chonsecho amapuma bwinobwino. Nkhani yagona pa mankhwala ogonetsa aja. Munthu akagona nawo, lilime limagwera kumbuyo, ndipo nthawi zambiri amamupatsanso mankhwala olefula minofu kuti adokotala agwire ntchito momasuka. Minofu yopumira nayonso imalefuka, ndiye pafunika womupumira.

Paipiyo imatchedwa endotracheal tube. Amayamba amuveka masiki ya okosijeni. Akagona, amatsegula kukamwa ndi laryngoscope, kachitsulo kopindika kokhala ndi kanyali kunsonga, kuti aone khomo la kholingo. Paipi ikalowa amapopa kabaluni kali kumapeto kwake, kuti zam'mimba zikabwerera zisalowe m'mapapo. Masanziwa ndiwo oopsa kwambiri, n'chifukwa chake amaletsa kudya maola 6 opaleshoni isanayambe. Chonde musawazembetsere phala amayiwo poti akudandaula njala. Paipi ija ikakhazikika, makina a ventilator ndiwo amapopa mpweya, apo ayi wopereka mankhwala ogonetsa amafinya thumba la mpweya ndi dzanja.

Pa maopaleshoni ena aafupi amagwiritsa ntchito paipi ina yotchedwa laryngeal mask, yomwe anaitulukira Archie Brain wa ku Britain m'zaka za m'ma 1980. Iyo imangokhala pamwamba pa kholingo osalowa mkati, koma sitchinga masanzi mokwanira.

Paipi amaichotsa munthu akayamba kupuma yekha, ndipo ambiri sakumbukira n'komwe. Kukhosi kokha kumakanda tsiku limodzi kapena awiri. Ngati amayi ali ndi mano ogwedera kapena oikirira, muuzeni wogonetsayo asanalowe m'fiyeta.