Aluminiyamu ndi yofewa, koma imaluma

Sabata yatha bambo wina wa ku Mufakose, mu mzinda wa Harare, anandilembera pa imelo kufunsa momwe angaboolere bowo la mamilimita 76 pa aluminiyamu yochindikala mamilimita 6, pofuna kuika fani pa bokosi la inverter, popeza hole saw yawo, chida chozungulira cha mano ambiri choboolera mabowo aakulu, imangolira n'kutentha koma osalowa. Achimwene, funso lanuli landikumbutsa chipsera chimene ndili nacho pa chala chachikulu cha kumanzere.

Ndili mnyamata ndinkaphunzira ntchito pa shopu ina ku Graniteside, ku Harare komweko, ndipo aluminiyamu ndinkaiderera kwambiri poona kuti ngakhale mpeni umaipala. Tsiku lina ndinagwira chidutswa chake ndi dzanja, makina oboolera ndinawaika pa liwiro lomwe ndinali nditangoboolera timabowo ta zomangira, n'kutsitsa mwamphamvu. Mano atangoluma, chidutswacho chinandipulumuka n'kuyamba kuzungulira, ndipo ndisanazimitse makinawo magazi anali kale pa ovololo. Mdala wina wochokera ku Dedza amene tinkagwira naye ntchito sanandikalipire ayi, koma anachotsa hole saw ija n'kundionetsa mano ake, omwe aluminiyamu inali itamatirira ngati nsima youmira pa mthiko.

Vuto lanu lagona pomwepo. Aluminiyamu imasungunuka pa madigiri 660 a Celsius okha, pamene chitsulo chimafuna oposa 1,400, choncho ikatentha imafewa n'kudzaza mipata ya mano, ndipo mano odzaza sadula, amangokhula n'kuwonjezera moto. Ambiri zikatere amathamangira ku msika wa Siyaso ku Mbare kukagula hole saw ina, akudandaula kuti zida za masiku ano n'zachabechabe. Ine sindivomereza. Cholakwa ndi phuma la mwini wake, ndipo yatsopanoyo idzafa imfa yomweyo. Amene amandiopsa koposa ndi omwe amaika fly cutter, chija cha dzino limodzi, pa makina ogwira pamanja, chifukwa chidacho chimafuna drill press basi, makina oboolera oima pamalo amodzi, ndipo chikaluma chimathyola mkono.

Zoyenera kuchita

Yalani thabwa pansi, ndipo aluminiyamuyo muimange ndi ma G-clamp awiri, zitsulo zopanira zija. Pa bowo lalikulu choncho, makina asazungulire kupitirira maulendo 200 pa mphindi. Mano akangolemba mzere wozungulira, imani kaye muboole timabowo titatu kapena tinayi mkati mwake mokhudza mzerewo, kuti zinyenyeswa zipeze potulukira. Muzidonthezera palafini, muzikweza chidacho pafupipafupi n'kutsuka mano ndi bulashi ya waya, makina ali ozima. Mukafika pa theka la kuchindikala kwake, tembenuzani chidutswacho mumalizire mbali inayo potsata kabowo kapakati kamene hole saw imayamba kuboola. Ngati makina anu satha kuyenda pang'onopang'ono, boolani timabowo tondondozana mkati mwa mzere, mugogode chapakaticho chigwe, kenako musalaze m'mbali ndi tupa.