Musanakamutenge mchimwene wanu kuchipatala

Achemwali, mwati mchimwene wanu anagonekedwa atamenya mayi anu, pano akuti atuluka sabata yamawa, ndipo mukufunsa kuti mukonzeke bwanji. Ndagwirapo ntchito ya unamwino m'wodi ya odwala matenda a maganizo, ndiye ndiyankheko.

Musavomere kungopatsidwa munthu ndi kathumba ka mankhwala n'kumapita. Kukonzekera kutuluka kumayenera kuyamba tsiku lomwe wodwala wagonekedwa, abale ali momwemo. Ngati sanakuitaneni, pitani nokha mukapemphe kukhala pansi ndi namwino komanso dokotala, mwiniwakeyo ali pomwepo, chifukwa zomukonzera iye kulibe sachedwa kuzikana.

Funso lalikulu ndi lakuti chinayambitsa ndewuyo n'chiyani. Anasiya mankhwala? Mowa kapena chamba? Ankamva mawu omulamula, kapena ankaganiza kuti mayi akufuna kumupha? Zimene zinachitika kale ndi zimene zimatiuza zambiri za mawa. Anamwino ambiri amayang'ana zizindikiro 6 za pa Brøset Violence Checklist, mndandanda wothandiza kuona ngati wodwala angayambe ndewu posachedwa: kusokonezeka, kupsa mtima msanga, phokoso, kuopseza ndi mawu, kuopseza ndi manja, ndi kumenya kapena kuswa zinthu. Kunyumba onjezanipo kusagona. Akangoyamba kuchezera usiku, musadikire.

Za mankhwala funsitsani. Haloperidol ndi chlorpromazine amatha kuumitsa thupi, kunjenjemeretsa, kutulutsa dovu, ngakhale kumusowetsa mtendere moti sangakhale pansi. Ambiri amasiya kumwa chifukwa cha izi, osati mwano ayi, ndipo dokotala angathe kuzichepetsa. Ngati mapiritsi amamuvuta, funsani za jakisoni monga fluphenazine, wobaya kamodzi pa milungu ingapo.

Musachoke musanadziwe tsiku lobwereranso, makamaka lisapitirire masiku 7. Milungu yoyambirira ndi yovuta, ndipo ngozi si ya ena okha: wodwala amathanso kudzivulaza kapena kudzipha, makamaka akayamba kukumbukira zimene anachita.

Mipeni ndi zikwanje zisakhale poyera. Gwirizanani yemwe muzimuimbira usiku zikavuta. Akatentha mutu, mmodzi yekha alankhule, motsitsa mawu, chitseko chili chotsegula, osamuunjirira kapena kumumanga zingwe.

Koma mayi anu mwawafunsa? Amene amavulazidwa kawirikawiri ndi a m'nyumba momwemo. Ngati akuchitabe mantha, nenani poyera kwa anamwino, ndipo mchimwene wanuyo ayambe wafikira kwa m'bale wina.