Kwa achemwali amene akukayamba ntchito kunyumba yosamalira okalamba

Achemwali, ndawerenga funso lanu. Mukuti mwapeza ntchito kunyumba yosamalira okalamba, mukuyamba posachedwa, ndipo mukufuna kudziwa mmene ntchitoyi imakhalira, maphunziro amene muyenera kupempha, komanso ngati lamulo loti foni izitsala m'kabati nthawi ya ntchito si nkhanza chabe za abwana. Ena akuyankhani kale kuti bola chikondi ndi kuleza mtima. Sakunama, koma chikondi chokha sichikuphunzitsani kutembenuza munthu wolemera pabedi osadzithyola msana. Ntchitoyi ndinaigwirapo, ndiye ndinenepo zanga.

Ntchito ilandireni, koma musanakhudze munthu aliyense funsani kuti akuphunzitsani chiyani, liti, ndipo wophunzitsayo ndani. Malo abwino amakupatsani kaye masiku oyenda pambuyo pa wantchito wakale, inu mukuona ndi kufunsa. Malo amene tsiku loyamba amangokuponyerani yunifomu n'kukulozerani zipinda kuti "izo ndi zanu", muziwakayikira. Safunsa anadya phula, koma pa ntchito iyi amene amavulala mukapanda kufunsa ndi agogo amene sangathe n'komwe kukuuzani kuti mukuwapweteka.

Choyamba kupempha ndi maphunziro a kanyamulidwe ka munthu. Musamadzutse agogo powakoka m'khwapa, phewa la munthu wokalamba silichedwa kuguluka. Bedi likwezeni lifike m'chiuno mwanu, njinga yawo ya olumala muimange mabuleki musanawakhazike, ndipo ngati pepala la chisamaliro chawo likuti anyamulidwe ndi anthu awiri kapena ndi makina, dikirani mnzanuyo ngakhale belu likulira chipinda china. Mukapeza munthu wagwa, mtima umathamangira kumudzutsa. Musatero. Itanani namwino, inu mukhale naye pomwepo n'kumamulankhula. Mwendo ukaoneka wafupika ndipo phazi lapendekera kunja, n'kutheka kuti fupa la m'chiuno lathyoka. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chaka chilichonse chifukwa chogwa, ndipo opitirira zaka 60 ndi amene amachuluka pa chiwerengero chimenechi.

Za kusamba m'manja akuphunzitsani paliponse: masekondi 20 mpaka 30 ndi sanitayiza, 40 mpaka 60 ndi sopo ndi madzi, ndipo munthu akakhala kuti akutsegula m'mimba, sopo ndi madzi basi. Magolovesi amasinthidwa pa munthu aliyense. Zimene ena amangodutsapo mothamanga ndi kadyetsedwe ndi khungu. Wodyetsedwa akhale tsonga, supuni ikhale yosadzaza, ndipo dikirani ameze musanawonjezere ina. Akamatsokomola pakudya, kapena mawu awo akamamveka ngati muli madzi pakhosi, siyani kaye mukauze namwino, chifukwa chakudya cholowera m'mapapo chimayambitsa chibayo. Powasambitsa yang'anani zidendene, m'chiuno ndi kumapeto kwa msana. Pamalo pamene pasintha mtundu, potentha, kapena pofiira posayera mukadina ndi chala, ndi chilonda chimene chikubwera chifukwa chogonera mbali imodzi. Chikatseguka chimavuta kupola.

Koma maphunziro amene ndingawamenyere nkhondo kuposa onse ndi a matenda oiwalaiwala, a dementia aja. Padziko lonse anthu oposa 55 miliyoni ali nawo, ndipo ambiri mwa iwo, pakati pa 60 ndi 70 pa 100 alionse, ndi a mtundu wa Alzheimer. Mudzakumana ndi agogo a zaka 88 ataima pakhomo madzulo, chikwama chili m'manja, akuti akupita kwa amayi awo. Wantchito wosaphunzira amayankha kuti, "Amayi anutu anamwalira kalekale." Kwa iwo amenewo ndi maliro atsopano, ndipo mawa mukawauzanso alira ngati amva koyamba. Wophunzira amaima pambali pawo n'kufunsa kuti, "Mwawasowa eti? Tandiuzani, anali munthu wotani?" Akuyenda nawo pang'onopang'ono, kenako akhala pansi, chikwama chaikidwa pampando. Chimodzimodzi akakana kusamba, musalimbane nawo. Tulukani, mubwerenso pakapita kanthawi, mwina ndi mawu ena. Dziwaninso kuti munthu amene dzulo anali bwinobwino lero n'kungosokonezeka mwadzidzidzi, si ukalamba ayi. Nthawi zambiri ndi matenda a m'chikhodzodzo kapena m'chifuwa, kuchepa kwa madzi m'thupi, kudzimbidwa, kapena mankhwala atsopano. Zimenezo zinenedwe tsiku lomwelo.

Moyo wa pa ntchito sindikubisirani. Mumaima tsiku lonse, ndiye nsapato ikhale yofewa ndi yosaterera. Ntchito ya usiku imasokoneza tulo. Posiyirana ntchito mverani bwino, ndipo lembani zimene mwaona nthawi yomweyo, osati zonse pamodzi poweruka mutu utatopa. Anthu amene muwasamala ena adzamwalira muli pomwepo, ndipo zimawawa, ngakhale ena azikuuzani kuti muzolowera. Pezani mnzanu mmodzi wa pa ntchito woti muzikhuthulirana naye za kukhosi. Kutopa kosanena ndi kumene kumabala nkhanza. WHO yomweyo inanena kuti pa kafukufuku wa m'malo osamalira okalamba, antchito 2 mwa 3 alionse anavomera kuti anachitapo nkhanza ya mtundu wina m'chaka chimodzi. Sikuti onsewo ndi anthu oipa mtima. Zimayamba ndi kukalipa, kusiya belu lizingolira, kutsuka munthu ngati mukutsuka chinthu uku mukucheza ndi mnzanu pamwamba pake. Funsani tsiku loyamba kuti mukaona zoterezi mukanene kwa ndani, ndipo ngati wolakwayo ndi woyang'anira yemweyo, bungwe lakunja lolandira madandaulo ndi liti.

Tsopano za foni. Lamulolo ine ndikugwirizana nalo, ndipo malo amene alibe lamulo lotere ndi amene ndingawaope. Chipinda cha agogo ndi kwawo. Inu mumalowamo pa nthawi imene iwo ali osavala, akusinthidwa thewera, akulira, kapena akulankhula zosadziwika mutu wake, ndipo ambiri sangathe kuvomera kapena kukana kujambulidwa. Mu 2015 atolankhani a ProPublica ku America anafalitsa nkhani za antchito amene ankajambula okalamba ali maliseche kapena ali kuchimbudzi n'kumatumizirana pa Snapchat ngati nthabwala. Ena anachotsedwa ntchito, ena anaimbidwa milandu, ndipo mu 2016 nthambi ya boma yoyang'anira malo osamalira okalamba kumeneko inalamula kuti malo alionse akhale ndi malamulo olembedwa oletsa zimenezi.

Mwina mukuti inu simungachite zamanyazi zoterozo, ndipo ndikukhulupirira. Chimene chimakola anthu abwino ndi chithunzi cha mtima wabwino. Agogo akumbukira tsiku lawo lobadwa, avala bwino, akuseka, inu mwajambula nawo n'kuika pa status kuti "agogo anga okondedwa". Simunaone kuti kumbuyo kwanu pakhoma pali bolodi lolembedwa mayina, manambala a zipinda ndi amene akumwa mankhwala anji. Simukudziwanso kuti banjalo mwina lili ndi wachibale amene silifuna kuti adziwe kumene agogowo ali. Ngakhale osatchula dzina, kungolemba pa Facebook kuti "lero mphunzitsi wakale uja wanditukwana", amene akuwadziwa azindikira. Pali chinanso chimene chimaoneka ngati kulimbikira ntchito: mwaona chilonda, mwachijambula ndi foni yanu n'kutumizira namwino pa WhatsApp kuti aone msanga. Chithunzicho chatsala mu foni yanu, chadzisunga chokha mu foni ya namwino, mwina chakwera kale ku Google Photos, ndipo madzulo mwana wanu akusewera ndi foniyo achipeza. Ngati chilonda chikufunika kujambulidwa, pakhale chipangizo cha pa ntchito ndi chilolezo cholembedwa. Ngati palibe, itanani namwino abwere adzaone ndi maso.

Nkhawa yanu yoti kunyumba kukagwa zadzidzidzi akupezani bwanji ndi yomveka. Tengani nambala ya ofesi musiyire a kwanu ndi kusukulu kwa ana, foni yanu muziiona pa nthawi yopuma. Nambala yanuyo musamapereke kwa achibale a agogo, ndipo akakupemphani ubwenzi pa Facebook kanani mwaulemu, munene kuti malamulo a pa ntchito salola. Poyamba zimayamba bwino, "tangotiuzani ngati adya". Kenako akuimbirani pakati pa usiku muli pa tchuthi, ndipo tsiku limene adzakangane ndi oyang'anira, mauthenga anu onse adzawajambula n'kuwatulutsa ngati umboni. Wina akaimba pa foni ya ofesi kuti ndi mwana wa agogo akutiakuti, akufuna kudziwa matenda awo kapena mankhwala amene akumwa, musayankhe pomwepo. Muuzeni kuti mumuimbiranso, ndipo muimbe pa nambala imene ili mu fayilo, ngati dzina lake lili m'gulu la ololedwa kuuzidwa.

Pa kompyuta kapena tabuleti ya pa ntchito, lowani ndi dzina lanu ndi pasiwedi yanu yokha. Mnzanu akati "tangondibwereka yako, yanga yavuta", kanani ngakhale akhale wokondedwa bwanji, chifukwa chilichonse chimene alembe, kuphatikizapo kuti mankhwala aperekedwa pomwe sanaperekedwe, chidzaoneka kuti munalemba ndinu. Mukachoka pa desiki, ngakhale kwa mphindi imodzi, tsekani sikirini. Imelo yokuuzani kuti dinani linki msangamsanga kuti malipiro anu asaimitsidwe, kapena kuti mulowetsenso pasiwedi, ifunseni kaye kwa oyang'anira. Makompyuta akapempha kuti akonzedwe ndi pulogalamu yatsopano musamangodina "pambuyo pake". Mu Meyi 2017 vairasi ya WannaCry inalowa m'makompyuta a Windows amene sanakonzedwe motero, ndipo m'zipatala za boma za NHS ku England odwala pafupifupi 19,000 anauzidwa kuti tsiku lawo loonana ndi dokotala lalephereka. Tangoganizani usiku umodzi pa ntchito yanu popanda kuona ndandanda ya mankhwala ya aliyense. Mukadina linki yokayikitsa, nenani nthawi yomweyo, musadikire kuti muone ngati pachitike kanthu. Pa WhatsApp yanu ikani PIN ya manambala 6 ija yotsimikizira kawiri, ndipo nambala imene imabwera pa SMS musauze munthu, ngakhale uthenga wopempha uchokere pa nambala ya mnzanu wa pa ntchito. Akuba akalanda akaunti imodzi amalowa nayo m'gulupu yonse ya antchito.

Mbali imene maphunziro ambiri amaiiwala ndi mafoni a agogo eni ake. Ambiri masiku ano ali nawo, amaonana ndi adzukulu pa vidiyo, ndipo n'zosangalatsa kuwathandiza. Koma akathyali amawasaka dala. Bungwe lofufuza milandu ku America la FBI linalengeza kuti mu 2023 mokha anthu a zaka 60 kupita m'tsogolo anadandaula kuti anaberedwa ndalama zoposa madola 3.4 biliyoni kudzera pa intaneti ndi pa foni, ndipo amenewo ndi okhawo amene anakanena. Njira zake ndi zomwezomwezo. Wina akuimba akulira kuti ndi mdzukulu wawo, wamangidwa kapena wachita ngozi, atumize ndalama pompano ndipo asauze aliyense, ndipo pano pali mapulogalamu otha kutsanzira mawu a munthu. Wina akuti ndi wa ku banki, akufuna nambala yachinsinsi kuti "ateteze" akaunti. Wina ndi chibwenzi cha pa intaneti chimene chimalemba m'mawa ndi madzulo koma sichionetsa nkhope, ndipo nthawi zonse chatsala pang'ono kubwera kungoti chaperewera ya ulendo.

Inu ndi amene mudzayambe kuona. Agogo amene ankasiya foni patebulo ayamba kuibisa pansi pa pilo, akudzuka usiku kukayankha, akukupemphani mobisa kuti muwatumizire ndalama kwinakwake. Musawaseke ndipo musawalande foni, ndi akuluakulu ndipo ndalama ndi zawo. Wachibwenzi chabodza uja mwina ndi yekhayo amene amawafunsa kuti mwagona bwanji, ndiye mukawachititsa manyazi adzangobisa kwambiri. Khalani nawo pansi, muwapemphe kuti musanatumize kalikonse muimbire limodzi mdzukuluyo pa nambala yake yakale, kenako mukauze woyang'anira ndi kulemba zimene mwaona. Pa nkhani ya ndalama inu mudziteteze: PIN yawo musaidziwe ngakhale akuuzeni okha, khadi lawo la ku banki musalisunge, mphatso ya ndalama musalandire, ndipo mukamawathandiza chilichonse chokhudza akaunti pa foni, pakhale wantchito mnzanu woonerera. Munthu woiwalaiwala akhoza kukupatsani khadi lero ndi mtima wonse, mawa n'kuuza ana ake kuti mwamubera. Ngati ndalama zatumizidwa kale, woyang'anira aimbire banki tsiku lomwelo pa nambala imene ili kuseri kwa khadi, adziwitse achibale ololedwa ndi apolisi, ndipo mauthenga a wakubayo asafufutidwe chifukwa ndi umboni.