Kuimika bandsaw ya 4x6 kuti izidula choimirira

Achimwene, mwafunsa ngati bandsaw ya 4x6 (makina a sowo odula zitsulo chogona, zofika mainchi 4 kwa 6) ingaimikidwe kuti izidula choimirira. N'zotheka, ndipo palibe chowotcherera pa makinawo. Imikani mkono wa sowo, muumange kuti usagwe, kenako muike katebulo pa gaidi ya m'munsi (chowongolera bledi), pomwe pali masikuluwu awiri paja. Katebulo kamalata kobwera ndi makinawa kamapindika, ine ndinakataya. Pezani puleti yachitsulo ya mamilimita 6, muicheke mpata wolowera bledi, ndipo mabowo a masikuluwu muwakulitse kukamwa kuti mitu ibisale, apo ayi chitsulo chizikodwa mukamakankha. Yezani ndi sikweya musanamangitse.

Chomwe chinandiliza ine si tebulo, koma mano. Ndinagulula mano a bledi yatsopano tsiku lomwelo podula malata ndi bledi ya mano akuluakulu. Mano osachepera atatu azikhudza chitsulo nthawi zonse, choncho pa zopyapyala gwiritsani ntchito bledi ya 18 kapena 24 TPI (mano pa inchi imodzi). Komanso bledi yake ndi ya mamilimita 13 m'lifupi, ndiye musaikakamize kukhota mwadzidzidzi, imavuka pa mawilo.

Miyendo ya makinawa ndi yofooka, akaimirira sachedwa kugwa chagada. Ine ndimakhalira thupi lake podula, ena amawakhomerera pansi. Kankhani chitsulo ndi kamtengo, magolovesi ayi, bledi imawakoka.

Switchi imakhala m'munsi, kutali ndi dzanja. Ngati mukufuna kuisunthira pafupi, itanani wamagetsi wodziwa ntchito, makamaka chifukwa cha waya wa earth.