Kodi n'chipongwe kuseka filimu ya nkhondo?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa mbiri ku sekondale. Akuti anaonera The Great Dictator ya Charlie Chaplin pa YouTube ndipo anaseka mpaka misozi kutuluka, koma atazimitsa foni mtima unawaluma. Funso lawo linali lakuti: nkhondo ya Hitler inapha anthu mamiliyoni, ndiye kodi si chipongwe kuisandutsa nthabwala? Nanga filimu yotere angaionetse kwa ana a fomu 4?

Amayi, zikomo polemba. Yankho langa lalifupi ndi lakuti aonetseni ndithu. Koma tiyeni tione kaye chimene munkaseka, chifukwa ndikukhulupirira kuti simunkaseka anthu akufawo.

Kumbukani pamene Hynkel, amene ndi Hitler wa m'filimuyo, akulandira Napaloni, amene akuimira Mussolini, wolamulira wa ku Italy. Mlangizi wa Hynkel wamuuza kuti mlendoyo amukhazike pa mpando waufupi kuti azimuyang'ana chokweza maso. Napaloni amaukana mpandowo n'kukakhala pa tebulo penipeni. Kenako onse awiri ali pa mipando yometerapo tsitsi, aliyense akupopa wake kuti akwere kuposa mnzake, mpaka kufika kudenga, Hynkel n'kutsika mwaphuma. Pambuyo pake amakangana za dziko la Osterlich: wina akuti tisaine kaye pangano asilikali achoke pambuyo, winayo akuti achoke kaye asilikaliwo ndisaine pambuyo, ndipo mkanganowo umathera kugendana ndi chakudya. Osterlich ndi Austria, imene Hitler anaimeza m'mwezi wa Marichi 1938. Apa mukuseka amuna awiri akuluakulu amene akugawana dziko la eni ake ngati ana olimbirana mpira.

Chaplin anayamba kujambula filimuyi mu Seputembala 1939, mwezi womwe nkhondo inayamba, ndipo inatuluka mu Okutobala 1940. Panthawiyo America inali isanalowe m'nkhondo. Inalowa mu Disembala 1941. Kunyoza Hitler poyera panthawi imeneyo kunkafuna mtima. Chodabwitsa china, Chaplin ndi Hitler anabadwa mwezi umodzi, Epulo 1889, motalikirana masiku 4 okha, ndipo ndevu zawo za pamlomo zinali zofanana.

Komabe filimu imene ine ndimaikonda pa nkhani ya akazembe ndi ya kale kuposa apo: Duck Soup ya 1933, ya abale a Marx. Dziko la Freedonia lilibe ndalama. Mayi wina wachuma, Mrs. Teasdale, akuti athandiza pokhapokha utsogoleri upatsidwe kwa Rufus T. Firefly, amene amasewera ndi Groucho Marx. Firefly amayambana ndi Trentino, kazembe wa dziko loyandikana nalo la Sylvania. Pali kagawo kamodzi kamene ndakabwereza kambirimbiri. Mayi uja wakonza zoti awiriwo ayanjane, ndipo Firefly wavomera ndi mtima wonse kuti akampatsa kazembeyo dzanja. Ali chidikirire, amayamba kudzifunsa yekha: nanga akakana kundigwira dzanja? Ine mtsogoleri wa dziko, kundichititsa manyazi pamaso pa anthu anga? Amadzikwiyitsa yekha pang'onopang'ono, moti kazembe uja akungolowa, asanayankhule kanthu, wamenyedwa kale khofi. Basi nkhondo yayamba. Palibe munda umene ukulimbiridwa, palibe mgodi. Munthu wakwiya ndi chipongwe chimene wachipeka yekha m'mutu mwake. Ndiye nyumba yonse ya malamulo imayamba kuimba ndi kuvina posangalala kuti kukubwera nkhondo.

Mukamaphunzitsa za 1914, mmene maufumu a ku Ulaya anakokerana m'nkhondo chifukwa aliyense ankaopa kuoneka wofooka, kagawo kameneka kangakuthandizeni kuposa tsamba lathunthu la manotsi.

Ya To Be or Not to Be ya Ernst Lubitsch, ya 1942, ndingoitchula mwachidule. Ndi ya ochita masewero a ku Warsaw, likulu la Poland, amene amapusitsa a Nazi, anthu a chipani cha Hitler, povala yunifomu zawo. Itatuluka anthu ena anadandaula monga mmene mwadandaulira inu, chifukwa Poland inali idakali m'manja mwa adani.

Dr. Strangelove ya Stanley Kubrick inatuluka mu Januwale 1964, patangodutsa chaka ndi miyezi yochepa kuchokera pa mkangano wa mizinga ya ku Cuba wa Okutobala 1962, pamene America ndi Soviet Union anatsala pang'ono kuponyerana mabomba a nyukiliya. Kubrick poyamba ankafuna filimu yopanda nthabwala, yochokera m'buku la Peter George lotchedwa Red Alert. Polemba anaona kuti zimene zikanachitikadi zinali zopusa kwambiri moti sizikanatheka kuzifotokoza ndi nkhope yowuma. M'filimuyo mkulu wina wa asilikali wasokonezeka mutu ndipo watumiza ndege za B-52 kukaphulitsa Soviet Union popanda chilolezo. Pulezidenti wa America, amene ndi mmodzi mwa anthu atatu amene Peter Sellers amasewera, amaimbira foni mtsogoleri wa Soviet, n'kumupeza ataledzera. Dziko latsala ndi mphindi zowerengeka, koma iwo akulimbana kuti wopepesa kwambiri ndani pa awiriwo. Kazembe wa Soviet ndi mkulu wina wa asilikali akagwirana m'khosi, pulezidenti amawakalipira kuti m'chipinda chokonzera nkhondo simomenyaniranamo. Ndipo a Soviet apanga makina oti adzawononga dziko lonse akangoukiridwa, cholinga chake n'kuopseza adani, koma sanauze aliyense. Chida choopsezera munthu amene sakudziwa kuti chilipo!

Mwina mwaona kale pamene mafilimu onsewa amaloza kamera. Amaloza m'chipinda cha akuluakulu, pa matama awo, pa mantha awo oti anzawo angawaone ochepa. Zili ngati usiku wa pamaliro, abambo akakhala panja pa moto n'kumaseka. Palibe amene amaseka malemu. Amasekana okhaokha amoyo, ndipo aliyense amadziwa polekezera.

Polekezerapo ndi pamene nkhawa yanu ili ndi mfundo, ndipo sindikufuna kuichepetsa. Chaplin yemweyo analemba m'buku la mbiri ya moyo wake mu 1964 kuti akanadziwa zoopsa zenizeni za m'misasa ya a Nazi, filimuyo sakanaipanga. Mu The Great Dictator muli msasa wa akaidi, ndipo umaoneka ngati ndende wamba yoti munthu n'kuthawamo. Ife tikudziwa za Ayuda pafupifupi 6 miliyoni amene anaphedwa. Chaplin mu 1940 sakanadziwa, popeza kupha kwakukuluko kunali kusanayambe. Kuluma kwa mtima kumene munamva kunachokera pamenepo, ndipo ana anu muwauze zimenezi musanayatse filimu. Palinso vuto lina: kumuonetsa Hitler ngati chitsiru kungachititse mwana kuganiza kuti analidi chitsiru chabe, pamene anali ndi boma, asilikali ndi anthu ophunzira bwino amene ankamugwirira ntchito mokhulupirika.

Ndikanakhala ine, ndikanayamba ndi Duck Soup, chifukwa ndi yaifupi, siikwana mphindi 70, ndipo mayiko ake ndi ongopeka. Chingerezi cha Groucho n'chothamanga, choncho muyatse mawu olembedwa pansi aja. Ya Chaplin ibwere mutamaliza kuphunzitsa za pangano la ku Munich la 1938, limene linalola Hitler kutenga gawo la dziko la Czechoslovakia. Ya Kubrick muionere kaye nokha, muli nthabwala zina za akuluakulu zimene simungafune kuzifotokoza pamaso pa ahedi. Mukadzawaonetsa, mudzandilemberenso, ndikufuna ndidziwe ngati ana a fomu 4 adzaseke pa mipando yometerapo ija.