Awiri pa piyano imodzi: liwiro la Hungarian Dance No. 5 lichokere kwa ndani?

Sabata yatha ndinalandira imelo ya mayi wina amene anayamba kuphunzira piyano atapuma pantchito ya uphunzitsi. Ndaifupikitsa, koma mawu ndi awo: "Ine ndi mnzanga tikuphunzira Hungarian Dance No. 5 ya Brahms, ija yoimba anthu awiri pa piyano imodzi. Iye amakhala kumanja, ine kumanzere. Timakumana Loweruka lililonse, ndipo patha miyezi itatu. Mnzangayo anayeza liwiro la nyimboyi pa YouTube, napeza kuti gulu la oimba limathamanga pa 144. Akuti tikachedwa kuposa pamenepo ndiye kuti si nyimbo yomweyo. Ine ndikangopitirira 96, dzanja lamanzere limayamba kuphonya. Kodi ndine amene ndikumubweza m'mbuyo? Tisankhe liwiro liti?"

Amayi, simukubweza munthu m'mbuyo. Ndiyambe ndi 144 ameneyu, kutanthauza kugunda ka 144 pa mphindi imodzi, chifukwa ndi amene wakusowetsani mtendere.

Johannes Brahms anatulutsa magule khumi oyamba a mtundu umenewu mu 1869, ena khumi ndi mmodzi mu 1880, onse pamodzi 21. Anawalembera anthu awiri okhala pa benchi imodzi, monga inu ndi anzanuwo. Nthawi imeneyo kunalibe wailesi, ndipo banja likafuna nyimbo madzulo linkatsegula piyano ya pabalaza n'kudziimbira. Zimene anzanuwo anamva pa YouTube zinabwera pambuyo. Pa magule onsewo, Brahms mwiniwake anakonzera gulu lalikulu la zoimbira atatu okha, la 1, la 3 ndi la 10. La 5 analikonza anthu ena, monga Albert Parlow, ndipo nthawi zambiri limamveka mu kiyi ya G minor pamene pepala lanu lili mu F-sharp minor. Kumeneko mzere umene dzanja lanu limodzi likulimbana nawo amagawana anthu ambirimbiri, ena besi (manotsi akumunsi), ena makodi (manotsi angapo ogundidwa pamodzi), aliyense kachidutswa kake. Kuyeza liwiro lawo n'kulisenzetsa manja anayi a anthu amene anayamba piyano ali akuluakulu n'kusawachitira chilungamo manjawo.

Tayang'anani pamwamba pa tsamba loyamba. Brahms analemba mawu amodzi, Allegro, amene m'Chitaliyana amatanthauza chinthu chansangala, chamoyo. Ngati buku lanu lili ndi nambala pambali pake, anaikapo ndi wokonza bukulo. Metronome, chipangizo chogunda liwiro la nyimbo, inalipo kale, Johann Maelzel anailembetsa m'dzina lake mu 1815, koma Brahms sankaikhulupirira kwenikweni, moti manambala amene anali ataika pa German Requiem yake anadzawachotsa. Ngakhale Beethoven, amene ankaikonda, anasiya 138 pa chigawo choyamba cha sonata ya Hammerklavier, ndipo akatswiri ambiri mpaka lero amaiimba mochedwerapo kuposa pamenepo.

Tsono liwiro lanu mulipeza kuti? Mulipeza pamalo povuta kwambiri m'nyimbo yonse, kwa aliyense wa inu, osati pa mzere woyamba. Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa. Mzere woyamba wa gule ameneyu ndi wokoma, manotsi ake ndi aataliko, ndipo umanyengerera munthu kuti aunyamule msanga. Ukangodutsa pang'ono pamabwera timanotsi tating'onoting'ono totsatana tija, toimba chapansipansi, totsekedwa ndi kodi yamphamvu. Timeneto tili m'manja mwa anzanuwo, wokhala kumanja uja amene pepala limamutchula Primo. Tiwerengere limodzi. Timanotsi timeneti timalowa tinayi m'kugunda kumodzi. Pa 96, chala chimagunda kasanu ndi kamodzi ndi pang'ono pa sekondi. Pa 120 ndi kasanu ndi katatu. Pa 144 zikuyandikira kakhumi pa sekondi imodzi, mofanana, mopanda kusiya notsi, komanso motsitsa mawu. Ndikukayika ngati anzanuwo amatitulutsa tonse bwinobwino pa liwiro limenelo. Apempheni aimbe kachigawo kameneko okha, inu muwajambule pa foni, kenako mumvetsere nonse awiri. Musatero pofuna kuwachititsa manyazi. Munthu akamaimba amamva nyimbo imene ili m'mutu mwake, foni imamva imene yatuluka m'zala. Inunso mujambulidwe pa malo anu ovuta, pamene dzanja lamanzere limadumpha kupita ku besi yakutali. Nambala yotsika pa ziwirizo, imene aliyense angaimbe katatu motsatana popanda kuphonya, ndiyo denga lanu la mwezi uno.

Ndati denga. Musayambire padengapo. Chapakati pa nyimbo pali mawu akuti Vivace, pamene kiyi imasinthira ku F-sharp major, ndipo pamenepo pafunika kumveka kuti moto wakolezeredwa. Mukayamba Allegro pa liwiro limene mphamvu zanu zonse zathera, Vivace mulowera nayo kuti? Ngati denga lanu lili 100, yambani pa 88 kapena 92.

Mwina anzanuwo adzati pa 90 gule wafa. Ine ndikukana, ndipo ichi ndinachiphunzira ndi khutu langa. Zaka zingapo zapitazo ndinkaimba mbali yanu yomweyi, ya Secondo, ndi mnzanga wina wa kutchalitchi. Tinkathamangitsana mpaka zigongono kugundana, tikafika kumapeto wina watsogola ndi theka la kugunda. Tsiku lina magetsi atazima tinakhala pakhonde, opanda kiyibodi, n'kumangoomba mbali zathu pa maondo. Ine dzanja lamanzere pa kugunda, lamanja pakati pake, ngati amayi awiri osinja mumtondo umodzi, musi wina ukutsika wina ukukwera. Ndinazindikira kuti dzanja langa lamanja linkafulumira pang'ono nthawi zonse, kugwa lisanafike pakati penipeni, ndipo ndi limene linkakankha mnzangayo kuti athamange. Titabwerera pa kiyibodi tinatsitsa liwiro, ndinafupikitsa makodi aja kuti azingoti tcha, tcha, n'kuchotsa phazi pa pedo. Nyimbo inamveka yothamanga kuposa kale pamene nambala inali yatsika. Pedo ndi yanu, Amayi, chifukwa pa manja anayi amaponda kawirikawiri ndi wokhala kumanzere. Mukaiponda kwambiri zonse zimasanduka phala, ndipo phala silivinika ngakhale pa 144.

Gule ameneyu anachokera ku csárdás, kuvina kwa ku Hungary kumene kumakhala ndi mbali yodekha ndi mbali yaukali. Brahms anazolowera kaimbidwe kameneka ali mnyamata, poyenda ndi woimba vayolini wa ku Hungary, Ede Reményi, mu 1853. Ndipo nyimbo yaikulu ya gule la 5 sinali yachikhalidwe monga iye ankaganizira, inali ya Béla Kéler. Moyo wa kaimbidwe kameneka uli m'kukoka ndi kumasula. Muona pa pepala lanu mawu akuti poco rit. otsatana ndi in tempo, kangapo konse, makamaka mu Vivace: chedwetsani pang'ono, kenako bwererani mwadzidzidzi. Womvera amachita chidwi ndi kusiyana kumeneko. Anthu awiri amene angachedwetse pamodzi n'kudumpha pamodzi, ngati munthu mmodzi, amadzutsa anthu m'mipando ngakhale akuimba pa 90. Metronome siingakuthandizeni pamenepa, izimitseni. Gwirizanani amene atsogolere, ndipo pamalo amenewa ndi bwino akhale wa Primo popeza nyimbo ili kwa iye. Akoke mpweya m'mphuno momveka kugunda kumodzi asanalowe, inu mulowe pa mpweya umenewo. Mwakhala moyandikana, phewa lake likakwera mulimva.

Sindikuti mukhazikike pa 96 mpaka kalekale. Akuluakulu anati kuthamanga sikufika, n'zoona, koma pa piyano kuimba pang'onopang'ono kokha sikubala liwiro. Dzanja likamadumpha mosafulumira limakwera m'mwamba, kufunafuna kiyi, n'kutsika. Pa liwiro lalikulu nthawi yochitira zonsezo palibe, liyenera kuyenda chafufumimba pamwamba pa makiyi n'kufika lisanafunike. Choncho yesani motere muli nokha kunyumba: gundani besi, nthawi yomweyo thamangitsani dzanja kukakhala pamwamba pa besi yotsatira, musaigunde, ingoimani muone ngati mwafika pamalo pake. Bwerezani kakhumi. Kenako tengani tizigawo tiwiri tokha, muimbe pa 120, muime, mupume, mubwereze. Mawa lake tizigawo tinayi. Nyimbo yonse ikhalebe pa liwiro lanu lotsika, muzikweza ndi 4 pokhapokha sabata yapitayo zinayenda popanda kugwa. Mkono ukayamba kuuma kapena kuwawa cha pamfundo, siyani tsiku limenelo. Ife amene tinayamba mochedwa manja athu amaphunzira ndithu, koma amafuna kugona kaye kuti zimene aphunzira zikhazikike, ndipo mphindi 15 tsiku lililonse zimaposa maola atatu a Loweruka lokha.

Simunanene chimene mumaimbira. Ngati ndi kiyibodi ya makiyi 61, ngati zimene zili m'matchalitchi ambiri, besi zina zakumunsi simungazipeze ndipo mumakhala mothinana, zimene zimawonjezera kuphonya kwanu. Mukapeza ya makiyi 88, ngakhale yobwereka kamodzi pa mwezi, muona kusintha.

Za anzanuwo, musawaone ngati olakwa. Anamva chinthu chimene chinawatenga mtima ndipo akufuna kuchigwira ndi manja awo, n'chifukwa chake akhala nanu pa benchi miyezi itatu. Apatseni gawo lawo. Loweruka likubwerali, mukamaliza kuimba nyimbo yonse pa 90, asankhe mzere umodzi umene amaukonda, muuimbe pa liwiro limene iwo akufuna, inu muzingogunda besi ya dzanja lamanzere osaika makodi. Kenako sinthanani mipando, iwo akhale kumanzere ayese kudumpha kuja pa 144. Mukatero mudzandilembere nambala imene mwagwirizana, ndi amene anayamba kuitchula.