Wagwidwa ndi supuni imodzi, asavomere za katoni yonse

Mayi, mwalemba kuti mlongo wanu amakonda kusonkhanitsa masupuni a m'malesitilanti. Akadya ku Nchalo, ku Bangula kapena ku Blantyre amabwerako ndi kasupuni n'kukasunga m'katoni. Ena anachita kugula, ena anapatsidwa ndi eni ake, ena anangoponya m'thumba. Pano wagwidwa ndi supuni imodzi pa lesitilanti ina ya m'mbali mwa msewu wa M1 cha ku Ngabu, apolisi anafika kunyumba n'kunyamula katoni yonse, ndipo amalume anu akuti angovomera zonse kuti nkhani ithe msanga, poti mwini lesitilanti anapatsidwa kale ndalama. Mukufunsa ngati munthu angamangidwe chifukwa cha supuni.

Angamangidwe. Gawo 271 la Penal Code, lamulo lofotokoza milandu ndi zilango zake, limati kuba ndi kutenga chinthu cha mwini mwachinyengo, popanda chifukwa chokhulupirira kuti ndi chako, ndi cholinga choti mwiniyo asachionenso. Silitchula mtengo wa chinthucho. Gawo 278 limaika chilango chofika zaka 5 kundende. Awo ndi malire apamwamba, ndipo sindikuyembekeza kuti majisitireti angafike pamenepo pa nkhani ya supuni, koma mlanduwo dzina lake ndi lomwelo: kuba. Kunena kuti "ndimangosonkhanitsa, sindigulitsa" sikumuthandiza. Kumamuipitsira, chifukwa wosonkhanitsa sabweza, ndiye wadzinenera yekha kuti cholinga chake chinali kusunga mpaka kalekale.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ndi katoni ija, ndi malangizo a amalume.

Boma likasumira munthu mlandu wakuba, ndi ntchito ya boma kutsimikizira khoti, mosasiya chikayiko, kuti chinthucho chinali cha uje, chinatengedwa pamalo akuti, mwiniyo osalola. Pa supuni imene anagwidwa nayo, umboni ulipo: woperekera zakudya anamuona, supuni inatuluka m'thumba mwake. Nanga enawo? Supuni yachitsulo yopanda chizindikiro imafanana ndi ina iliyonse yogulitsidwa pamsika wa Ngabu. Ndani adzaime m'khoti n'kulumbira kuti iyi ndi ya lesitilanti yanga, inasowa mwezi wakuti? Nthawi zambiri palibe. Umboni umene boma lilibewo limaupeza pakamwa pa woimbidwa mlandu, tsiku lolemba sitetimenti kupolisi.

Ndaona milandu ikuonongekera pomwepo. Munthu wagona m'chitokosi usiku umodzi ndi kutentha kwa kuchigwa kuno, udzudzu wamudya, achibale ali panja akumukodola kuti amalize. Wapolisi akufunsa kuti, "Awa onse munawatenga kuti?" Iye n'kuyankha, "M'malesitilanti, bwana." Papepala zimalembedwa m'Chingerezi kuti wavomera kuba masupuni onse m'malo odyera osiyanasiyana. Zoti ena anagula, ena anapatsidwa, sizilembedwa chifukwa sanafunsidwe. Amasayina osawerenga. Mlandu wa supuni imodzi wasanduka wa munthu wozolowera kuba, ndipo majisitireti akamaganiza za chilango amayang'ana zimenezo.

Musaganize kuti adzangoikana sitetimentiyo kukhoti n'kutha. Gawo 176 la Criminal Procedure and Evidence Code, lamulo la kayendetsedwe ka milandu ndi umboni, limalola khoti kulandira sitetimenti yovomera ngakhale woimbidwa mlandu akunena kuti anakakamizidwa. Khoti limangofunika kukhutira kuti ananenadi iyeyo ndiponso kuti zomwe zili m'katimo ndi zoona. Katoni ya masupuni ili patebulo, mukuganiza kuti khoti liona bwanji? Gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino, a 1994, limamupatsa ufulu wokhala chete komanso wosakakamizidwa kuvomera mlandu. Ufulu umenewu umagwira ntchito asanasayine. Ngati sanalembe, anene kuti ayankhula akaonana ndi loya. Ngati walemba kale, loya aione sitetimentiyo tsiku la khoti lisanafike. Ngati amamva bwino Chisena kapena Chimang'anja kuposa Chingerezi, aumirire kuti amuwerengere m'chiyankhulo chake, ndipo kukhoti apemphe womasulira. Si mwano.

Msampha womwewo umamudikiranso m'khoti. Mlandu ukawerengedwa amafunsidwa ngati akuvomera kapena akukana. Akavomera, woimira boma amafotokoza mmene zinachitikira, kenako amafunsidwa ngati zofotokozedwazo zili zoona. Apa ambiri amangoti "inde" ndi mantha. Amvetsere bwino. Ngati pepala la mlandu latchula masupuni onse a m'katoni, ayankhule momveka kuti imodzi akuidziwa, koma enawo ndi ake. Khoti siliyenera kulemba kuti munthu wavomera pamene iye akutsutsa mbali ya mlanduwo. Ndikutsindika chifukwa munthu wovomera mlandu pamaso pa majisitireti saloledwa kuchita apilo yotsutsa kupezeka kwake wolakwa. Amangololedwa kudandaula za chilango. Ndiye mawu aja a amalume akuti "ungovomera, tidzakonza pambuyo" alibe pambuyo pake.

Sindikuti akane chomwe anachitadi. Ngati supuni imodziyo anaitenga, kuvomera imeneyo yokha kungamuchepetsere chilango. Kwa munthu wolakwa koyamba, pa chinthu chotsika mtengo chomwe chinabwezedwa, malamulo amapatsa majisitireti njira zingapo: kumumasula pansi pa gawo 337 chifukwa cha kuchepa kwa mlandu, kumupatsa chilango choimitsidwa kuti akakhale kunyumba osalakwanso, kapena kumulamula kugwira ntchito zothandiza anthu m'dera. Mwayi ulipo, koma sindingakulonjezeni kuti zidzatero. Zimadalira majisitireti, zomwe zalembedwa mu sitetimenti, ndi mmene mlongo wanu adzadziyankhulire popempha chifundo. Kumbukiraninso kuti mbiri yoti anapezeka wolakwa pa mlandu wakuba imamutsatira akamafunsira ntchito, kaya kuminda ya nzimbe, kaya m'boma.

Palinso mlandu wina umene apolisi angautembenukire, wopezeka ndi katundu woganiziridwa kuti ndi wobedwa. Pamenepo khoti limafuna kumva kwa iye kuti katunduyo anamupeza bwanji. N'chifukwa chake muyambe lero kufufuza amene anamugulitsa kapena kumupatsa masupuni: mwini lesitilanti wa ku Bangula amene anati "tengani", mnzake amene analipo tsikulo, uthenga wa pa WhatsApp, lisiti ngati ilipo. Mboni imodzi yotere ikuposa achibale khumi odzaza benchi ya khoti.

Za ndalama zomwe amalume anapereka kwa mwini lesitilanti, zikundikwiyitsa pang'ono kuti anapereka popanda pepala lililonse. Mlandu wakuba ukafika kupolisi umakhala wa boma, si wa mwini supuni ayi. Iye angathe kuuza apolisi kuti wakhululuka, ndipo mawu akewo amalemera, koma wochotsa mlandu ndi woimira boma, osati iye, osatinso anyakwawa. Bwererani kwa mwiniyo, alembe kuti analandira supuni yake ndi ndalama zakuti pa tsiku lakuti, asayine pamaso pa mboni ziwiri. Musamuumirize kapena kumuopseza kuti asinthe umboni, chifukwa mudzadziputira mlandu wina.

Munthu womangidwa ayenera kuonekera kukhoti pasanathe maola 48, kapena tsiku loyamba lomwe khoti likugwira ntchito ngati maolawo athera pa Loweruka, Lamlungu kapena holide. Belo ya kupolisi ndi yaulere. Wina akakuuzani kuti "ya pepala" kapena "ya mafuta a galimoto", musapereke, ndipo lembani dzina lake ndi tsiku. Funsani ngati apolisi anali ndi chikalata chowaloleza kuchita chipikisheni m'nyumba, ndipo pemphani kuti zonse zomwe anatenga zilembedwe ndi kuwerengedwa, kuti masupuni omwe ndi ake adzathe kuwaitanitsa mlandu ukatha. Ngati ndalama ya loya palibe, pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza osowa ndalama ya loya, kapena funsani za maparaligo, anthu othandiza pa zamalamulo koma si maloya, omwe amayendera m'zitokosi ndi m'ndende. Akapatsidwa belo asajombe tsiku la khoti ngakhale msewu utaduka ndi madzi osefukira. Atumize uthenga kwa kalaliki wa khoti tsiku lomwelo. Chigamulo chikadzatuluka choipa, chidziwitso choti achita apilo ku High Court chiperekedwe pasanathe masiku 10, ndipo ulendo wokwera mapiri kupita ku Blantyre musauwerengere kuti ndi chifukwa chochedwera.

Akatuluka, ngati akufuna kupitiriza kusonkhanitsa, azipempha kapena kugula kwa mwini lesitilanti kapena manejala, osati kwa woperekera zakudya. Wantchitoyo alibe mphamvu yopereka katundu wa abwana ake. Akapereka, iye angaimbidwe mlandu wobera omulemba ntchito, womwe chilango chake ndi chachikulu kuposa cha kuba wamba, ndipo mlongo wanu angaimbidwe wolandira katundu wobedwa.